Wantchito wa Adona Neli

Amene anakuuzani kuti mizimu imadikira mdima anakunamizani. Iyi inabwera dzuwa lili paliwombo, anthu atavala magalasi akuda, nyama ikupsa pamakala, wailesi ikulira. Sendezani kuno mipando, ndikuuzeni za Enelesi wa ku Mayani, ku Dedza, amene atafika ku Durban anadula dzina lake kumutu ndi kumchira n'kutsala Neli.

Mtsikanayu anali ndi mutu, zimenezo tisamulande. Anaphunzira, anapeza ntchito ya mu ofesi m'dziko la eni, kenako anapeza mwamuna, Lonjezo, mwana wa a Malikebu. A Malikebu ndi Amalawi anzathu omwe, koma a mtundu uja woti nyumba ina ku Blantyre, ina ku Durban, Chichewa amachikumbukira akafuna kukalipira antchito. Neli anaona kuti ndi mbiri ya ku Mayani m'banja lotere sangalowemo. Anawauza kuti mayi ake anali namwino wamkulu pachipatala, ndipo anamwalira zaka zisanu zapitazo. Pofotokozapo anagwetsako ndi misozi.

Chonsecho mayi akewo, a Nakwenda, anali moyo, akugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu ndi kukoka fodya wawo wa m'mphuno. Maso awo atachita ng'ala, Neli anawaitanitsa mwakachetechete kuti madokotala a ku Durban awathandize. Opaleshoni inayenda bwino. Anayambanso kuona ngakhale nyerere pakhoma. Kunangotsala sabata imodzi kuti akwere basi kubwerera kwawo, koma chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina mayi Malikebu anatulukira kunyumba kwa Neli osanena, n'kupeza mayi wachikulire atagwada akukolopa, poti manja a munthu wakumudzi sakhala chete.

"Awa ndani?" anafunsa mayi Malikebu.

"Ndi wantchito wanga, Mami," anatero Neli. "Ndinamutenga kumudzi."

Mayi Malikebu anawayang'ana a Nakwenda nthawi yaitali, kuyambira kumpango mpaka kuzidendene zong'aluka.

"Wachita bwino. Ubwere naye pa ulendo wa sitima uja. Ine miyendo imanditupa, ndikufuna wondinyamulira zinthu."

Ulendowo unali wokondwerera kuti bambo Malikebu akwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, masiku anayi pa sitima yapamadzi yaikulu ngati hotela. Mlendo atapita, Neli anagwada pafupi ndi chidebe chokolopera chija n'kuulula zonse, za unamwino ndi za imfa yomwe.

"Amayi, ndi masiku anayi okha. Aliyense akakufunsani, muzinena kuti ndinu wantchito wanga. Musanditchule Enelesi. Muziti adona. Ukwati ukangochitika ndidzakonza zonse."

A Nakwenda anafinya chikolopa mpaka dontho lomaliza.

"Ndiye ndinafa liti?"

"Amayi, chonde."

"Ndingofuna kudziwa, mwina andifunsa. Maliro anga anayenda bwino? Kunabwera anthu?"

Neli anazyolika. Mayi ake anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso.

"Dzukani adona, mungade mawondo. Ine ndinabereka kuti mwana akhale pabwino. Ngati pabwino pake ndi pamenepo, pakamwa panga ndatseka."

Mwambi uja wa mwendo wochepa wa mako nonse mukuudziwa, sindichita kuutchula. Neli nayenso ankaudziwa, anaulembapo mayeso kusukulu n'kukhoza.

Tsiku lachitatu m'mawa sitima inaima patali ndi kachilumba ka m'nyanja ya mchere, cha ku Mozambiki. Mchenga woyera mbee, madzi obiriwira, mitengo ya kokonati mbali imodzi, nkhalango yothithikana mbali inayo. Anthu ankawatsitsa pa maboti ang'onoang'ono, aliyense atakoleka m'khosi khadi yake ya sitima yokhala ndi chithunzi. Mkulu wina wovala zoyera analengeza pa chimkuzamawu kuti pachilumbapo sipakhala munthu ndi mmodzi yemwe, kuti wina asadumphe chingwe chachikasu chimene anamanga kumalire a nkhalango, ndiponso kuti sitima iliza hutala katatu, folo koloko boti lomaliza linyamuka.

A Malikebu onse atatu anatsika manja ali m'thumba. A Nakwenda anatsika ndi ambulera yaikulu paphewa, chikwama cha mataulo kumsana, bokosi la zakumwa pamutu. Azungu ena anawajambula poona bokosilo likuyenda losagwiriza, ndipo Neli anaseka nawo. Koma atangoponda mchenga, a Nakwenda anatula katundu yense, n'kumasula kabotolo ka fodya pa mfundo ya chitenje. Anatsina pang'ono, anawaza pansi, anawomba m'manja mofatsa katatu.

"Eni dziko, tangodutsa. Ndine Nakwenda, wa ku Mayani."

"Mukutani?" Neli anawanong'oneza mano ali okukuta. "Anthu akuona!"

"Dziko la eni sulowa ngati mbuzi, adona. Umayamba waodira."

"Anena kuti kuno kulibe anthu."

"Ndiye akusinjawo ndani?"

Neli anatchera khutu. Kunali nyimbo za pa wailesi, mafunde, anthu akuseka. Koma pansi pa zonsezo, kuchokera m'nkhalango muja, kunkamveka du, du, du, misi iwiri yolandizana mu mtondo umodzi. Munthu wokulira kumudzi phokoso limenelo salisokoneza ndi china chilichonse. Anafunsa Lonjezo ngati akumva kanthu. Lonjezo anati mwina ndi jenereta ya ophika, n'kuthamangira m'madzi.

M'mawa wonse mayi Malikebu anagona pa mpando wansalu ngati mfumukazi, a Nakwenda ali kumapazi kwawo. Ambulera isendezedwe. Botolo ili latentha, apatsidwe lina. Mchenga walowa pakati pa zala, upukutidwe. Kenako anatambasula miyendo yawo yotupayo kuti ithowedwe ndi mafuta, ndipo a Nakwenda anaiika pamiyendo pawo n'kuyamba kuisisita. Neli anakhala pa mpando wapafupi, buku lili kumaso, tsamba losatembenuka.

"Kodi amayi inu muli ndi ana?" anafunsa mayi Malikebu, maso ali otsinzina.

"Mmodzi, adona. Wamkazi."

"Ali kuti?"

"Ali kutali, adona."

"Amakuthandizani koma?"

"Kwambiri. Maso awa anandipatsa ndi iyeyo."

"Ndiye akulolani bwanji kugwira ntchito ya m'nyumba pa msinkhu wanuwu? Ana a masiku ano alibe chisoni. Si choncho, Neli?"

"Ndi choncho, Mami," anatero Neli.

Nthawi ya nkhomaliro banja lonse linakhala pa tebulo pansi pa tenti. Wojambula wa sitima atabwera, mayi Malikebu anati wantchito asendere uko, chithunzichi ndi cha banja. Chakudya a Nakwenda anachilandira pomaliza, m'mbale yapepala, zotsala za aliyense zitasakanizidwa, mutu wa nsomba ndi mpunga wozizira. Anakakhala pamchenga pafupi ndi chingwe chachikasu chija, atafulatira anthu. Neli atanamizira kukasamba m'manja n'kuwadutsa, anaona kuti mbale ili pansi, ndipo akulankhula motsitsa, akugwedeza mutu ngati munthu amene akuyankha mafunso.

"Mukuyankhula ndi ndani?"

"Mayi wina anali pompano, kuseri kwa chingweku. Wakwathu ndithu, Chichewa chake chakale ngati cha agogo anga. Wandifunsa ngati kwathu mvula inagwa bwino chaka chino. Wapempha fodya, ndamupatsa botolo lonse."

Kuseri kwa chingwe kunalibe munthu. Kunali udzu wouma ndi kanjira kakang'ono kolowera m'mitengo. Mphepo inabwera kuchokera kumeneko ndi fungo la utsi wa nkhuni ndi la mphale yonyika. Kusinja kuja kunali kutayandikira, ndipo tsopano kunkamveka ndi mawu a akazi oyimba mokoka, mosakondwa.

Amalume anati ndikatunge madzi,
ndikubwera, ndikubwera,
madzi ake ndi amchere.

Tsemwe linamugwira Neli dzuwa likuswa mtengo choncho.

"Musabwerenso pano. Tiyeni kumipando."

"Wandifunsanso kuti ndine wa yani," anatero a Nakwenda akudzuka. "Ndamuuza zomwe munandiphunzitsa zija, adona. Sindinalakwitse."

Cha m'ma thu koloko mayi Malikebu analakalaka zigoba za nkhono zoti akakongoletsere bafa la ku Blantyre. Za m'mbali mwa madzi anati n'zazing'ono, anthu atola kale zabwino. Anatuma a Nakwenda kuti akafune zazikulu chakumapeto kwa gombe, kumene chingwe chinkathera. A Nakwenda anatenga kathumba ka pulasitiki n'kunyamuka. Neli anawaperekeza ndi maso mpaka chitenje chawo chofiira chinazimiririka pa ngodya ya mitengo.

Hutala yoyamba inalira fili koloko, iwo asanabwere. Ophika anayamba kuzimitsa makala ndi kupinda matebulo. Bambo Malikebu ndi Lonjezo anakwera boti loyambirira, ati kukasamba kusanadzaze anthu. Neli anaimirira.

"Mami, ndikamuyang'ane."

"Ndikuperekeza," anatero mayi Malikebu. "Zigoba zanga ndikazione ndekha."

Munthu wa miyendo yotupa uja anayenda bwinobwino, sanatsalire ngakhale pang'ono. Kumapeto kwa gombe anapeza kathumba kaja katadzaza zigoba, katamangidwa bwino, kataikidwa pamwala poonekera. Mayi Malikebu anakatola n'kuyamba kusankhamo. Mapazi a a Nakwenda anadutsa pansi pa chingwe kulowera m'kanjira. Neli anawerama kuti aone bwino. Mapaziwo sanali okha. Kutsogolo ndi kumbuyo kwake kunali mapazi ena ambiri opanda nsapato, onse mumzere umodzi, otalikirana mofanana, ngati a anthu omangidwa pamodzi.

Anadumpha chingwe, mayi Malikebu ali pambuyo. M'nkhalangomo munali zii, mbalame ngakhale imodzi, ndipo wailesi ya kugombe inaleka kumveka atangoyenda mapazi khumi. Pa nthambi ina panalendewera khadi ya sitima ya a Nakwenda, ikuzungulira yokha popanda mphepo. Patsogolo pang'ono panali chipupa chakale cha miyala, chopanda denga, mizu ya mitengo itachikulunga. Pakhomo pake panali masilipasi a a Nakwenda, ataikidwa moyandikana bwino, monga munthu amavulira akafika pakhomo pa eni ake.

Neli analowa. Mayi Malikebu anaima pakhomo ndi kathumba kawo.

M'katimo munali bwalo losesedwa bwino. A Nakwenda anakhala pamphasa pakati, atatambalala, manja ali pamiyendo, nkhope ili yopumula kuposa mmene Neli anaionera sabata yonseyo. Mozungulira m'mbali mwa chipupa munali akazi. Kuti anali angati, Neli sanathe kunena, pakuti akayang'anitsitsa mmodzi ankaona miyala ndi mthunzi, akayang'ana kumbali onse ankabwereranso. Onse anali atamufulatira. Awiri ankasinja, koma mu mtondomo simunkatuluka ngakhale kafumbi ka gaga. Mmodzi yekha, wokhala pafupi ndi a Nakwenda, ndiye anatembenuza mutu pang'ono. Neli anaona mphini patsaya, ndi mlomo wam'mwamba wobooka, ndi khosi lokhala ndi chipsera chozungulira. Zina zonse maso ake anakana kuziona.

Misi inaima.

"Tikuoneni, mwana," anatero mkaziyo. Mawu ake anali ouma, otsika. "Mwadzatani kuno?"

"Ndabwera kudzawatenga. Sitima ikunyamuka."

"Neli, ukuyankhula ndi ndani?" anafunsa mayi Malikebu ali pakhomo paja. "Muuze wantchito wakoyo adzuke. Wakhala pa dothi yekhayekha ngati wamisala."

Mkazi wa mphini uja sanawalabadire.

"Ife pano sitigwira munthu wa eni," anatero. "Tonse amene mukutiona anatipereka ndi akwathu omwe, wina amalume ake, wina mlongo wake, wina mwamuna wake. Anatiyendetsa mpaka madzi awa. Tinadikira kuti wina abwera kudzati uyu ndi wanga, ndipo tikudikirabe. Mlendoyu anaodira bwino, anatipatsa fodya. Tamufunsa za mwini wake, akuti alibe, ndi wantchito. Ndiye tikufunseni inu. Munthuyu ali ndi mwini?"

Linali funso losavuta, abale anga. Mwana wa zaka zitatu akanaliyankha. Neli anatsegula pakamwa, n'kumva kumbuyo kwake zigoba zikugundana m'kathumba ka mayi Malikebu. Anaganiza za diresi loyera limene anali atayesa kale, za nyumba ya ku Blantyre, za misozi ija anagwetsa polira namwino amene sanakhaleko. Anadziuza kuti izi ndi dzuwa chabe lamuzunguza mutu, palibe chifukwa chotayira zonse chifukwa cha mithunzi.

"Ndi wantchito wathu," anatero mokweza. "Tabwera naye pa sitima. Dzukani, tizipita."

M'mbali monse mwa chipupa munamveka kung'ung'udza, kwa anthu ambiri ovomerezana.

"Wantchito ndi wathu," anatero mkazi uja. "Akhala."

Hutala yachiwiri inalira, patali kwambiri, ngati ng'ombe ya mudzi wina. Neli anagwira mayi ake padzanja n'kukoka. Kunali ngati kukoka chitsa. Anakokanso ndi manja awiri mpaka thukuta linamutsika m'maso, koma a Nakwenda sanasunthe, ndipo dzanja lawo linali litayamba kuzizira.

"Miyendo yakana, adona," anatero mofatsa. "Ndayesa kale."

"Ine ndikupita," anatero mayi Malikebu. "Musiye, a sitima abwera adzamunyamule. Sindingaphonye boti chifukwa cha wantchito."

Mapazi awo anamveka akutalikira pa masamba ouma. Apo mpamene mantha enieni anamugwira Neli, ndipo anagwa pa mawondo pamaso pa mkazi wa mphini uja.

"Ndi amayi anga," ananong'ona. "Ndi amayi anga ondibereka. Ine ndine Enelesi, mwana wawo. Chonde, ndipatseni."

"Zonong'ona sitizimva kuno. Ndiponso pakamwa panu panena ziwiri, sitidziwa chogwira. Timufunse mlendoyu." Mkaziyo anatembenukira kwa a Nakwenda. "Nakwenda, uyu ndi mwana wako? Ukavomera, dzuka uzipita naye."

"Vomerani, amayi," analira Neli. "Vomerani, zija zatha!"

A Nakwenda anamuyang'ana mwana wawo, ndipo milomo inayamba kutseguka. Kenako maso awo anadutsa paphewa pa Neli n'kukaima pakhomo. Maso aja anali atsopano, ankaona patali. Anaona kuti mayi Malikebu sanapite. Anangosendera kuseri kwa mtengo, mapazi asanu kuchokera pachipupa, khutu lili tcheru.

A Nakwenda anakonza mpango wawo. Anayankhula mokweza, momveka bwino, kuti wa kuseri kwa mtengoyo asaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

"Iyayi. Awa ndi adona anga. Mayi awo anamwalira kale, anali anamwino. Akungondimvera chisoni, ndi munthu wabwino mtima."

"Amayi!"

"Pitani adona, boti lingakusiyeni. Mukavale juzi madzulo, pamadzi pamazizira."

Misi inayambiranso, du, du, du, pafupi kwambiri moti nthaka inkanjenjemera. Nyimbo ija inadzuka m'mbali zonse, ndipo mwa oyimbawo Neli anamva mawu amodzi amene ankawadziwa kuyambira ali kumsana. Anadziponya kutsogolo kuti awakumbatire, n'kugwera chafufumimba pa mchenga wotentha. Panalibe mphasa, panalibe mtondo, panalibe bwalo losesedwa. Panali udzu ndi miyala yogumuka, ndi buluzi mmodzi pachipupa.

Amene anamupeza ndi anyamata a sitima, akukumba mchenga ndi zala mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Anachita kumunyamula. Sitima inachedwa maola awiri, amuna khumi ndi awiri akusakasaka chilumba chonse, chimene munthu angachizungulire wapansi pa ola limodzi. Anabwerako ndi khadi ndi masilipasi basi.

Sitima itanyamuka anamuitanira mu ofesi ya mkulu wa chitetezo. A Malikebu onse atatu analipo, atasamba, atavala za chakudya chamadzulo. Mkuluyo anafotokoza mwaulemu kuti nkhaniyi aipereka kwa apolisi a kumtunda, ndipo anamupatsa Neli pepala ndi cholembera. Pamafunika dzina la wachibale wa wosowayo, woti adziwitsidwe. Anafunsa ngati akudziwako aliyense.

Neli anagwira cholembera. Ndikanakonda ndikuuzeni kuti analemba msangamsanga, koma ndinganame. Anayang'ana mzere wopanda kanthuwo, anayang'ana Lonjezo, ndipo dzanja linaima m'malere.

"Lemba dzina lako, mwana iwe, tisachedwe," anatero mayi Malikebu. "Ulembe kuti mwana wake."

Neli anadzutsa mutu.

"Ukudabwa chiyani? Ndinadziwa tsiku lomwe lija ndinawapeza akukolopa. Mphumi imodzi, kaimidwe kamodzi, ngakhale zala za kumapazi. Ukuganiza kuti ndingalole mwana wanga akwatire munthu ndisanatume anthu kukafufuza kwawo? Za kachewere wa ku Mayani tinazidziwa chaka chatha."

"Lonjezo?" anatero Neli.

Lonjezo ankayang'ana nsapato zake.

"Mami anati tingokhala chete, tione," anatero.

"Muone chiyani?"

"Tione kuti upirira mpaka pati," anayankha mayi Malikebu. "Ine ndinkati ukawaona akundisisita mapazi uphulika. Bambo akowa ankati ufika pa nkhomaliro. Watiposa tonse. Ukanangonena tsiku loyamba lija kuti Mami, awa ndi amayi anga, bwenzi titawapatsa chipinda chawochawo, akudya nafe pa tebulo. Ifenso agogo athu ankayenda opanda nsapato, si nkhani imeneyo."

Cholembera chinagwa pansi. Palibe anachitola. Mayi Malikebu anadzuka, anakonza mkanda wawo pagalasi la pakhoma, n'kumusisita Neli paphewa.

"Usalire, ukwati ulipo. Mkazi woti mpaka kutaya amake kuti atenge dzina lathu, ameneyo sadzatithawa. Kasambe kumaso, chakudya chiyamba seveni koloko, ndipo lero tikudula keke ya bambo ako."

Ukwatiwo unachitikadi, ku Blantyre, mwezi wa Okutobala, ndipo ine ndinadyako mpunga wake. Mwambo usanayambe, mkulu wa mpingo anapempha kuti tonse tiimirire mphindi imodzi, tikumbukire mayi a mkwatibwi, anamwino aja anatisiya zaka zisanu zapitazo. Tinaimirira tonse. Neli nayenso anaimirira.